Funsani Amisiri: Mawu a makiyibodi akale mu kompyuta, aulere ndi ati, a eni ndi ati?

Makalata a mwezi uno achokera kwa oimbira makwaya ndi eni masitudiyo a kuno kum'mawa. Tasankha asanu.

FUNSO: Ndimaimbira kwaya ku Kapata. Mnzanga anandiikira pulogalamu ya Dexed mu laputopu ndipo piyano ija ya Yamaha DX7 ikulira bwinobwino, osalipira ngakhale ngwee. Koma ya Korg M1 ndafunafuna yaulere, paliponse akufuna ndalama. Zonse ndi makiyibodi akalekale, nanga zasiyana pati? Woimbira kwaya, Kapata, Chipata.

YANKHO: Zasiyana pa chimene chili m'mimba mwa makinawo, achimwene. DX7, imene inatuluka mu 1983, ilibe mawu ojambulidwa ngakhale amodzi. Liwu lililonse limapangidwa ndi masamu pomwe mwadina batani. Muli tizigawo 6 totchedwa ma operator, kalikonse kamatulutsa kaliwu kosalala ngati mluzu, ndipo kena kamagwedeza kanzake mofulumira mpaka mluzuwo usanduke belu, besi kapena piyano. Njira zolumikizira tizigawoto zilipo 32. Nzeru imeneyi, ya FM, anaitulukira John Chowning ku yunivesite ya Stanford, ndipo Yamaha inagula chilolezo choigwiritsa ntchito. Chimene chinkaiteteza ndi patent, chikalata choteteza nzeru yatsopano, ndipo patent siikhalitsa: yake inatha chapakati pa zaka za m'ma 1990. Kuyambira pamenepo aliyense wodziwa masamuwo akhoza kulemba pulogalamu yakeyake yochita zomwezo, bola asakopere zolemba za Yamaha. Dexed, ya Pascal Gauthier, inabadwa choncho, ndipo FM8 ya Native Instruments ndi DX7 V ya Arturia zinadzera khomo lomwelo.

M1 ya mu 1988 ndi nkhani ina. Mkati mwake muli ma chip a ROM osunga mawu ojambulidwa okwana 4 MB: piyano, ogani, zitoliro, ng'oma ndi zina. Fyuluta ndi ma effect zimangokometsera, koma mwini nkhani ndi mawu ojambulidwawo. Mukhoza kumanga nkhokwe yofanana ndendende ndi ya mnansi wanu, palibe angakuletseni. Chimanga chili m'nkhokwe yakeyo ndiye simungatape. Wolemba pulogalamu yotsanzira M1 popanda mawu a Korg wamanga nkhokwe yopanda kanthu, ndipo akaikamo mawuwo waphwanya copyright, ufulu wa mwini ntchito. N'chifukwa chake M1 ya pa kompyuta inatulutsidwa ndi Korg eni ake mu 2005, ndipo mpaka pano amaigulitsa mu Korg Collection pamodzi ndi Wavestation ndi Triton. Roland nayo imagulitsa D-50 ya mu 1987 ndi JV-1080 ya mu 1994 kudzera mu Roland Cloud.

Ambiri amaganiza kuti chinthu chikasiya kugulitsidwa m'sitolo ndiye kuti chilibenso mwini. Ayi. Lamulo lathu la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994, Chapter 406, limateteza mapulogalamu a kompyuta ndi mawu ojambulidwa, ndipo Zambia ili mu pangano la Berne, la maiko loteteza ntchito za eni, kuyambira 1992, kotero ntchito za ku Japan ndi ku Germany zimatetezedwa kuno monga zathu. Ngakhale titawerengera zaka 50 zokha, za M1 zikufika 2038. Ku United States ntchito ya kampani imatetezedwa zaka 95.

FUNSO: Ndatsitsa Osirus, akuti imalira ngati kiyibodi ya Virus ya kampani ya Access. Ndikaitsegula mu FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo, ikungoti ROM palibe, ndipo siikutulutsa liwu. Kodi yawonongeka? Wa situdiyo, Katete.

YANKHO: Siinawonongeke, anaipanga dala choncho. Osirus siitsanzira kulira kwa Virus monga Dexed imatsanzirira DX7. Imatsanzira chip imene inali mu Virus, ya banja la Motorola DSP 56300, kenako pa chip yongoyerekezayo imayendetsa pulogalamu yeniyeni imene Access inalemba. Ichi n'chifukwa chake kalilidwe kake sikasiyana ndi makina enieni: ndi pulogalamu yomweyo, yangosamuka nyumba. Gulu limene linalemba Osirus, The Usual Suspects, ndi eni ake a chip yoyerekezayo ndipo amaigawa ulere. Pulogalamu ya mkati ija, imene ndiyo ROM ikufunsidwayo, ndi ya Access, choncho saigawa ndipo salozera munthu kumene angaipeze. OsTIrus ya Virus TI, Vavra ya Waldorf microQ ndi Xenia ya Waldorf Microwave II zonse zimayenda motero. Munt, yotsanzira Roland MT-32, imafuna mafayilo awiri, control ROM ndi PCM ROM.

Amene waima pouma ndi munthu amene ali ndi Virus yakeyake ndipo akugwiritsa ntchito pulogalamu ya makina akewo. Fayilo yolandira pa gulu la WhatsApp kapena Telegram ndi kope lopanda chilolezo, kaya anthu angati akuigwiritsa ntchito. Kampani kusadandaula sikutanthauza kuti yavomera.

Kwa amene ali nayo mwachilungamo, zolakwika zimene zimachitika kawirikawiri ndi izi. Fayilo ikadali mu zip, pomwe Osirus imafuna fayilo yomasula. Ya Virus B kapena C yothera .bin imakhala 512 KB, ndiye kuti ma byte 524,288. Dinani kumanja pa fayiloyo, Properties, muone, ndipo ikapereweza ndiye kuti inaduka. China ndi foda: mitundu yakale ya Osirus inkafuna ROM ikhale pambali pa pulagini (kapulogalamu kamene mumatsegula mu FL Studio), yatsopano ili ndi foda yake, choncho werengani malangizo a mtundu umene mwatsitsa. Pulagini ya VST3 pa Windows imakhala mu C:\Program Files\Common Files\VST3, ndipo mukaiika pitani ku Options, Manage plugins, mufufuzitsenso.

Dziwaninso kuti kutsanzira chip kumadya mphamvu ya kompyuta. Pa laputopu yakale makope awiri kapena atatu a Osirus amayambitsa kuthetheka. Mukamaliza mzere umodzi, usandutseni odiyo, mutseke pulaginiyo. Ndipo ngati chimene mukufuna ndi mawu okhuthala aja a trance ndi ma pad, Surge XT ndi yaulere kotheratu, Vital ilinso ndi mtundu waulere, ndipo zonsezi sizifunsa ROM ya munthu. Kwa situdiyo imene ilibe Virus, uphungu wathu ndi umenewo.

FUNSO: M'chipinda chosungira katundu pa mpingo wathu tapeza DX7 imene inabwera ndi amishonale. Ikuyaka ndipo muli mawu amene abambo ena anakonza kale. Tingawasamutse bwanji kuti alowe mu Dexed asanatayike? Mlembi wa kwaya, Lundazi.

YANKHO: Mwachita bwino kufunsa musanatsegule makinawo. Choyamba, onani kachitsulo kolembedwa kumbuyo. Ngati palembedwa 100V, inapangidwira ku Japan, ndipo malaiti athu a 230V akufuna thiransifoma yotsitsa mphamvu. Mwina imene inabwera nayo ili pomwepo m'chipindamo, musaisiye.

Mawu 32 a mkati amasungidwa ndi kabatire ka CR2032 ka mavoti 3. Dinani FUNCTION kenako 14, makinawo akuonetsani mphamvu yake. Ikayandikira 2.2 nthawi yatha, ndipo ikafa mayina a mawu amasanduka zilembo zosamveka. Osachotsa batire musanakope.

Mufunika USB MIDI interface, kachipangizo kolumikiza kiyibodi ndi kompyuta, ndi pulogalamu yaulere ya MIDI-OX. Chingwe chichoke pa MIDI OUT ya DX7 kupita pa MIDI IN ya interface. Apa ambiri amasokoneza chifukwa zingwe zina zalembedwa IN pa pulagi imene iyenera kulowa mu OUT ya kiyibodi. Ngati palibe chikufika, sinthanitsani. Mu MIDI-OX sankhani interface yanu pa Options, MIDI Devices, kenako View, SysEx, ndipo pa menyu ya SysEx dinani Receive Manual Dump. Pa DX7 dinani FUNCTION ndi 8. Bwerezani 8 mpaka muone SYS INFO UNAVAIL, dinani YES isanduke AVAIL. Dinaninso 8, ifunsa MIDI TRANSMIT, yankhani YES.

Payenera kufika ma byte 4,104, osachepera osapitirira: mawu 32, lililonse ma byte 128, ndi ena 8 a mutu ndi mchira. Fayilo yabwino imayamba ndi F0 43 ndipo imatha ndi F7. MIDI imayenda pa ma bit 31,250 pa sekondi, ndiye zonsezi zimatenga sekondi imodzi ndi kachidutswa. Mukalandira 3,900 kapena nambala yosinthasintha, musaimbe mlandu DX7. Ndi tizingwe totchipa tija tokhala ndi kabokosi kakuda pakati: timakwanitsa manotsi, koma uthenga wautali wa SysEx, wonyamula kachunidwe ka mawu, timataya zidutswa. Bwerekani interface ya Roland, M-Audio kapena audio interface yokhala ndi MIDI ya mabowo 5.

Sungani fayiloyo ngati .syx, pa laputopu ndi pa fulashi. Mu Dexed dinani CART, kenako LOAD. Mudzaona kuti mawu ena akulira mokalipa kuposa pa makina enieni. Chifukwa chake n'chakuti makiyi a DX7 yoyamba amatumiza mphamvu ya kadinidwe yongofika cha pa 100, pomwe kiyibodi ya masiku ano imafika 127, ndipo mu FM kudina mwamphamvu kumanola liwu. Mu PARM ya Dexed muli switch ya DX7 velocity, iyatseni. Momwemo sankhani engine ya Mark I ngati mukufuna kakuwirira kaja ka makina akale.

Zikatheka izi, pitani nayo kwa mmisiri wa mawailesi. Batire yake ndi yowotcherera pa bolodi. Muuzeni aikepo kachotengera kuti ulendo wina idzangosololedwa. Pobwezera mawu, chingwe chichoke pa OUT ya interface kupita pa IN ya DX7, SYS INFO ikhale AVAIL, ndipo MEMORY PROTECT INTERNAL ikhale OFF, apo ayi makinawo akana.

Pa za umwini, fayilo imeneyi ilibe mawu ojambulidwa, ndi manambala chabe a kachunidwe. Amene anakonza abambo aja ndi awo, apempheni musanagawire ena. Mabanki amene anthu amagulitsa pa intaneti amabwera ndi laisensi yawo, nthawi zambiri yoletsa kugawa.

FUNSO: Ndili ndi Korg Triton. Ndikufuna kujambula batani lililonse la piyano ndi brass, ndipange paketi ya ma sample ndizigulitsa kwa anyamata a mabiti. Ndinagula ndi ndalama zanga, pali vuto? Nanga nyimbo zimene ndajambula nayo ndingalembetse ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo? Wa situdiyo, Petauke.

YANKHO: Nyimbozo lembetsani mopanda mantha. Kiyibodi anaipangira kuimbira, ndipo nyimbo imene mwapeka ndi yanu ngakhale piyano yake yachokera mu Triton, kapena mu pulagini imene muli nayo laisensi. Chenjerani pokha ndi nyimbo za demo za m'makinamo: zimenezo ndi nyimbo za eni, simungaikepo mawu anu n'kuzitcha zanu.

Paketi ija ndiye tikuletsani. Munagula bokosi ndi ufulu woliimba, simunagule ufulu wochulukitsa zojambulidwa zili mkatimo. Triton, ya mu 1999, ndi ya banja limodzi ndi M1, mawu ake ndi ojambulidwa. Mukajambula notsi iliyonse payokha kuti wina aziiyala pa kiyibodi yake, mwakopera nkhokwe ya Korg podzera pa chingwe cha odiyo, ndipo mukupikisana ndi Triton ya pa kompyuta imene iwo akugulitsa. Kuthira reverb pamwamba sikusintha mwini wake. Kulemba dzina la Korg kapena Triton pa paketiyo ndi mlandu wachiwiri, wa chizindikiro cha malonda, zimene kuno zimalembetsedwa ku PACRA. Mwaona kuti otsanzira Virus anaitcha Osirus, sanaitche Virus.

Msika ulipo wina umene mulibe mpikisano ndi Korg. Liwu limene mwakonza nokha mu Dexed kapena Surge XT mukhoza kulijambula n'kugulitsa. Kuposa apo, ng'oma, kalimba, visekese ndi banjo za kwathu kuno sizipezeka m'makiyibodi a ku Japan. Jambulani pa 24 bit, notsi iliyonse katatu, mofewa, pakatikati ndi mwamphamvu, ndipo woimbayo asaine kalata yonena malipiro ake ndi kuti walola mawuwo agulitsidwe.

FUNSO: Ndikadina kiyibodi, Dexed imayankha mochedwa, kwaya imandisiya. Nditani? Mayi woimbira, Chadiza.

YANKHO: Vuto lili pa driver (kapulogalamu koyendetsa odiyo) ndi buffer (kuchuluka kwa mawu amene kompyuta imasonkhanitsa isanawatulutse), amayi, osati pa Dexed. Pa Audio settings ya pulogalamu imene mwatsegulamo Dexed chotsani Primary Sound Driver, musankhe driver ya ASIO ya audio interface yanu, kapena ASIO4ALL ngati mulibe. Pa 44,100 Hz, buffer ya 1024 imachedwetsa ndi 23 ms (sekondi imodzi ili ndi 1,000 ms), ya 512 ndi pafupifupi 12 ms, ya 256 ndi 6 ms, ya 128 ndi 3 ms. Yambani pa 256. Ikamathetheka kwezani, ikakhala chete yesani 128. Sipika kapena mahedifoni a Bluetooth musagwiritse ntchito konse, amachedwa kuposa zonsezi. Ikani Windows pa High performance, chifukwa malaiti akapita laputopu imadzichepetsera liwiro kuti isunge batire, ndipo kuthetheka kumayamba pakati pa nyimbo. Mukamva kung'ung'uza m'masipika pamene chaja chili chobaya, dutsitsani odiyo mu kabokosi kotchedwa DI box, kokhala ndi switch ya ground lift, isanafike pa mikisa. Mapulagini olipira mwezi ndi mwezi, monga a Roland Cloud, amafuna kuonana ndi intaneti nthawi ndi nthawi, choncho atseguleni Loweruka muli ndi bandulo, musadikire Lamlungu m'mawa.