BP yokwera n'kutsika yokha mwa munthu wa zaka 29

Mayi wina wanditumizira imelo yofunsa za mng'ono wake wa zaka 29. Akuti kangapo pa sabata mutu umangoyamba kumupweteka koopsa, thukuta lili kamukamu ngakhale kunja kukuzizira, mtima uli phaphapha, zikhatho zitayera. Pakapita mphindi 20 zonse zimatha. Tsiku lina BP yake inafika 210/120, tsiku lina inali bwinobwino, ndipo anamuuza kuti ndi nkhawa. Mayiwa akufunsa ngati nkhawa ingachitedi zimenezi.

Inde Mayi, nkhawa ikhoza kutero, chimodzimodzinso matenda a chithokomiro. Koma mutu, thukuta ndi kugunda kwa mtima zikamabwera pamodzi n'kuchokanso pamodzi, BP n'kumakwera chotero mwa munthu wamng'ono, pali nthenda ina yofunika kuifufuza: chotupa chotchedwa pheochromocytoma.

Pamwamba pa impso iliyonse pamakhala kachiwalo konga kachipewa, kolemera magalamu 4 kapena 5, kotchedwa adrenal. M'kati mwake mumapangidwa adrenaline, imene imathamangitsa mtima munthu akadzidzimuka. Chotupa chikamera mmenemo chimakhuthulira adrenaline ndi noradrenaline m'magazi popanda choopsa chilichonse. Kuwerama, kunyamula katundu wolemera kapena kudzikakamiza kuchimbudzi kumatha kuchiputa. Chotupa cha mtundu womwewu chikamera m'chikhodzodzo, munthu amamva mutu kapena kukomoka akangotaya madzi. Ena amabwera ndi shuga wokwera, ena ndi mtima wofooka, ndipo ena chimawatulukira ali oyembekezera kapena atagonekedwa tulo pa opaleshoni ya nthenda ina. N'chifukwa chake chimabisala zaka zambiri. Dwight Eisenhower, yemwe anali pulezidenti wa America, anavutika ndi mtima nthawi yaitali, koma chotupa chake chinapezeka atamwalira mu 1969.

N'chosowa ndithu: mwa anthu 100 odwala BP, sachipeza ngakhale mwa mmodzi. Komabe ndimalimbikira kuti chifufuzidwe chifukwa chimachiritsika. Madokotala César Roux ku Lausanne ndi Charles Mayo ku America anachichotsa bwinobwino kale mu 1926.

Mng'ono wanu akhale ndi kamakina koyezera BP pafupi, aziyeza vutolo likangoyamba, n'kulemba m'kope nambala, nthawi ndi zimene amachita. Kopelo apite nalo kwa dokotala, apemphe kutumizidwa ku chipatala chachikulu. Kumeneko afunse za kuyeza metanephrines, zomwe ndi zotsalira za adrenaline ndi noradrenaline, m'magazi kapena mumkodzo wosonkhanitsa maola 24. Zikapezeka zokwera, amajambula m'mimba ndi CT kapena MRI.

Chonde asabwereke mankhwala a mnzake. Propranolol kapena atenolol, amene amaperekedwa mtima ukamathamanga, akhoza kukweza BP modetsa nkhawa mwa munthu wa chotupachi ngati sanayambe wamwa mankhwala otsegula mitsempha monga doxazosin kapena phenoxybenzamine. Otsegula mitsemphawa amamwedwa masiku 7 mpaka 14 opaleshoni yochotsa chotupacho isanachitike. Metoclopramide woletsa kusanza nayenso amachiputa.

Inunso Mayi nkhaniyi ikukukhudzani. Pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu alionse odwala chotupachi amachita kutengera kumtundu. Funsani akuluakulu kwanu ngati alipo amene anamwalira mwadzidzidzi akadali wamng'ono, pobereka kapena pa opaleshoni, kapena amene anali ndi chotupa cha chithokomiro kapena cha impso, ndipo dokotala mukamuuze zimenezo.