Chotupa cha mu mtima, ndi khansa kodi?

Achimwene, mwafunsa ngati chotupa chomwe adokotala apeza mu mtima mwa mayi anu ndi khansa, komanso ngati mankhwala angachisungunule. Ngati anena kuti ndi myxoma ndiye si khansa ayi, sichifalikira mthupi monse, koma musachitenge mwachibwana.

Myxoma imakonda kumera m'chipinda chakumtunda chakumanzere kwa mtima, ndipo imagwira kwambiri azimayi kuposa azibambo. Imakhala yofewa, yolendewera pa kamchira, ndiye mtima ukamagunda imakankhidwira pa valuvu, kachitseko ka pakati pa zipinda za mtima, nkumatseka njira ya magazi, nchifukwa chake munthu amabanika, kuchita chizungulire, ena mpaka kukomoka kumene. Choopsa kwambiri nchakuti kachidutswa kakhoza kuthothoka nkukatseka mtsempha wa ku ubongo, basi sitiroko. Zizindikiro zake zimafanana ndi matenda a mavaluvu aja obwera ndi zilonda zapakhosi zosachizidwa, ndiye pamafunika echo, ija amayendetsa kachipangizo pachifuwa nkumaona mtima pa sikirini. Nthawi zina amalowetsa kachipangizoko kummero kuti aone bwino, kapena amajambula ndi makina oona m'kati mwa thupi otchedwa MRI.

Mapiritsi sangachichotse, ndipo zam'mabotolo zogulitsa pamsika zija zisiyeni ndithu. Ndi opaleshoni basi, ndipo siyachilendo, dokotala wina dzina lake Clarence Crafoord anachotsa myxoma bwinobwino ku Sweden kale mu 1954. Akachidula chonse pamodzi ndi pomwe chamera sichibwerera kawirikawiri, komabe azikajambulitsa echo nthawi ndi nthawi. Afunseni adokotala kuti awatumiza liti kwa madokotala a opaleshoni ya mtima, komanso ngati abale ena akufunika kuyezedwa poti mitundu ina imayenda m'banja.