Ndakatulo zikundizunguza mutu, kodi ndingoloweza manotsi?

Funso: Ndili mu Fomu 4 pa sekondale ina yoyendera ku Santhe, ku Kasungu. Ndakatulo zina mawu ake ndimawadziwa onse, koma ndikawerenga sinditolapo kanthu. Zina zilibe ndi mpumiro womwe. Kodi ndingoloweza manotsi a aphunzitsi?

Yankho: Usaloweze, mwana wanga. Funso likadzabwera mosiyana ndi mmene unalowezera, manotsiwo sadzakuthandiza.

Luso limene ukulifunalo uli nalo kale. Mayi akamasinja pamtondo n'kumaimba za tambala wogona kunja, palibe amafunsa kuti tambalayo ndi wa mtundu wanji. Onse amadziwa kuti tambalayo ndi bambo a pakhomopo, ndipo amadziwanso chimene mayiyo sakuwatchulira dzina. Ndakatulo yovuta uziifunsa zomwezo: akuyankhula ndani, akuuza yani, nanga n'chiyani chikumuletsa kunena mosapsatira?

Kuno kwathu funso lomalizali lili ndi mbiri yake. Nthawi ya Kamuzu, lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika mabuku, ndipo alakatuli anaphunzira kuzimbaitsa. Jack Mapanje, yemwe ankaphunzitsa ku Chancellor College ku Zomba, ankabisa uthenga wake m'zinyama monga bilimankhwe. Komabe anamangidwa mu 1987, nakakhala kundende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Munthu wotere sankalemba mokuluwika kuti avutitse ana a sukulu. Choncho ufufuze kuti ndakatuloyo inalembedwa liti, ndipo kunkachitika zotani.

Uwerenge mokweza kawiri, pensulo ili m'manja. Ikakhala yopanda mpumiro, mvetsera pamene mpweya ukukuthera. Mwina mlakatuli akufuna kuti nawenso upume wefuwefu ngati munthu amene akumufotokozayo. Liwu limene labwerezedwa ulizungulize ndi pensulo, chifukwa kawirikawiri mtima wa ndakatulo umakhala pamenepo. Mzere ukakukanika, usaumirire. Pitirira, mizere ina imamveka ukafika kumapeto, ndipo ina ngakhale aphunzitsi sagwirizana pa tanthauzo lake.

Poyankha, usangonena kuti ndakatuloyi ikukamba za umphawi. Onetsa mawu amene akupangitsa kuganiza choncho: mphika wozizira, mwana wogona msanga. Ganizo lako likakhala ndi umboni wochokera m'ndakatulo momwemo, limaima.

Upeze anzako awiri kapena atatu, mutenge mapepala akale a MANEB. Aliyense alembe yekha tanthauzo limene wapeza, kenako mutsutsane, aliyense akuloza mzere. Pamene mwalephera kugwirizana, ndi pamene mukafunse aphunzitsi.