Kuchoka ku Mchinji kukaona zojambula za m'mapanga a Chongoni: kodi tsiku limodzi likwana?

Mayi wina wa pa boma la Mchinji, yemwe ndi mlembi wa gulu la banki m'khonde, watilembera pa imelo. Akuti m'gulu mwawo alimo anthu 28, ena ndi achikulire ndithu, ndipo akagawana ndalama chaka chino akufuna kubwereka basi kuti akaone zojambula zakale za ku Chongoni ku Dedza. Funso lawo ndi lakuti: kodi n'zotheka kupita ndi kubwerako tsiku lomwelo, abwereke basi yotani, ndipo wowaonetsa malowo akampeza kuti?

Mayi, n'zotheka, koma pokhapokha musankhe malo amodzi ndi kupangana ndi wokutsogolerani musananyamuke. Ambiri amaganiza kuti Chongoni ndi phanga limodzi lokhala ndi geti, loti basi ikaima pakhomo anthu n'kutsika. Si choncho ayi. Ndi dera la mapiri ndi nkhalango lalikulu masikweya kilomita oposa 126, ndipo muli malo 127 okhala ndi zojambula, omwazikana m'mapiri osiyanasiyana. Bungwe la UNESCO linaika derali pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2006, kukhala lachiwiri m'Malawi muno pambuyo pa Lake Malawi National Park yomwe inalowa mu 1984. Dalaivala mukangomuuza kuti "tiyeni ku Chongoni", adzakufikitsani pa Dedza n'kuyamba kufunsa njira kwa akabaza, dzuwa likupita.

Malo amene alendo amaloledwa kufikako kawirikawiri ndi atatu: Mphunzi, Chentcherere ndi Namzeze. Kwa gulu ngati lanu ife tikuti pitani ku Mphunzi. Kumeneko zojambula zili pa malo angapo oyandikana m'munsi mwa phiri, pafupi ndi mishoni ya CCAP, moti munthu amayenda pang'ono kuchoka pa mwala wina kufika pa wina, ndipo mitundu iwiri ya zojambula, zofiira ndi zoyera, mudzaiona tsiku lomwelo. Ku Namzeze kuli zojambula za Nyau zochititsa chidwi zedi, koma pamafunika kukwera phiri nthawi yaitali, ndiye achikulire aja adzatsalira m'basi. Chentcherere ndi yotchuka chifukwa boma linaiteteza kale mu 1969 ndipo katswiri wofukula zakale J. Desmond Clark anakumbapo, koma anthu osasamala analembalemba maina awo pamwamba pa zojambulazo. Kuthamangira malo awiri tsiku limodzi kuchokera ku Mchinji n'kungotopetsa anthu.

Tsono za mtunda. Kuchoka pa boma la Mchinji kufika ku Lilongwe pa msewu wa M12 ndi makilomita pafupifupi 110, kudutsa pa Kamwendo, Namitete ndi Msundwe. Kuchoka ku Lilongwe kufika pa Dedza pa M1 ndi makilomita pafupifupi 85. Mukaphatikiza ndi kamsewu kafumbi kopatukira ku Mphunzi, werengerani makilomita 200 kupita, 200 kubwerera. Basi yodzaza anthu, yoima pa marodibuloko ndi kuchepetsa liwiro pa misika ya m'mbali mwa msewu, imatenga maola anayi ulendo umodzi. Ndiye kuti maola asanu ndi atatu a tsikulo mudzakhala muli pampando.

Chifukwa chake nyamukani 5 koloko m'mawa, ndipo anthu muwauze kuti afike hafu pasiti folo. Mukafika ku Lilongwe musalowe m'tauni. Dalaivala akhote pa msewu wolambalala wa Western Bypass, womwe umachoka pa msewu wa Mchinji n'kukatulukira pa M1 pafupi ndi Bunda Turn-off. Mukalowa mkati mwa mzinda nthawi yomwe anthu akupita kuntchito, mutha kutaya ola lathunthu pa mlatho wa Lilongwe. Imani kamodzi kokha pa filing'i siteshoni ya chimbudzi, mphindi 15, kenako Nathenje, Chimbiya, Linthipe. Ku Mphunzi muyenera kufika cha m'ma 9 koloko. Maola atatu akwana kuona zojambula modekha, nkhomaliro idyedwe cha m'ma 12 koloko, ndipo 1 koloko ikamakwana basi ikhale italiza. M'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa limalowa isanakwane 6 koloko, ndipo msewu wa Mchinji usiku umadzaza njinga zopanda nyale, ngolo ndi mathiraki ochokera ku chipata cha Mwami. Dalaivala amene wadzuka 4 koloko asayendetse mumdima umenewo.

Basi yoyenera anthu 28 ndi Coaster kapena ina ya msinkhu womwewo. Basi yaikulu ya anthu 60 imavutika pa msewu wafumbi ndipo ilibe potembenukira pabwino, pomwe maminibasi awiri amatayana panjira, wina n'kusochera. Koma musakhulupirire mawu akuti "imakwana 30". Pitani anthu awiri mukawerenge mipando ndi maso anu, chifukwa pa nambala imeneyo amawerengera ndi timipando topinda ta pakati tija, tomwe tilibe potsamira pabwino. Mayi wa zaka 60 sangakhalepo maola anayi. Musaiwalenso kusiya mpando umodzi wa wokutsogolerani, popeza adzakwera nanu mukafika kufupi.

Muli pomwepo onani zomata za pagalasi la kutsogolo, COF (chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu) ndi inshulansi, ngati masiku ake sanathe, ndipo mufunse ngati inshulansiyo ikuteteza okwera. Dalaivala akhale ndi laisensi ya basi komanso PrDP, chilolezo cha madalaivala onyamula anthu. Mwini basi atsimikize kuti mapepala ake akumulola kunyamula anthu pa msewu wa Dedza, chifukwa basi yozolowera Mchinji ndi Lilongwe ikagwidwa pa rodibuloko ya kutsogolo, ndinu amene mudzakhale padzuwa. Gwadani muone matayala onse ngati sanathe mano, muone tayala la sipeya ngati lili ndi mpweya, jeki ndi sipanala ya mawilo. Kuphulika kwa tayala si koopsa kwenikweni mukakhala ndi zida, koma kupeza kuti jeki inatsala pa galaja pamene muli pakati pa minda ku Mphunzi kumathetsa ulendo.

Pa mtengo, mvanani bwino ngati mukubwereka basi ndi mafuta omwe kapena mafuta ndi anu. Basi yotere ikadzaza imayenda makilomita 6 kapena 7 pa lita imodzi ya dizilo, ndiye ulendo wonse ufuna malita 60 mpaka 70. Chulukitsani ndi mtengo wa dizilo wa sabata imeneyo ndipo mudziwa ngati mwini basi akukuuzani zoona. Thanki idzazidwe dzulo lake madzulo, mmodzi wa inu akuona. Mafuta akamasowa m'dziko, kudalira kuti "tikathira ku Lilongwe" n'kukaima pamzere mpaka masana. Zonse mulembe papepala: mtengo, nthawi yonyamuka, nambala ya basi imene mwaiona, malo amene mukupita kuphatikizapo msewu wafumbi, chakudya cha dalaivala, ndi chimene chidzachitike basi ikafa panjira. Perekani theka ngati chikole, theka linalo pobwera, ndipo ngati mukutumiza pa Airtel Money kapena Mpamba sungani uthenga wake. Za msewu wafumbi zilembedwe ndithu, chifukwa madalaivala ena akafika popatukira amakana kulowa kapena amafuna ndalama yowonjezera.

Powerengera chopereka cha munthu aliyense, musagawe ndi 28. Gawani ndi 24. Pa gulu lililonse ena amadwala, ena kumagwa maliro, ena salipira, koma mtengo wa basi sutsika. Onjezaninso gawo limodzi mwa magawo khumi la zogwa mwadzidzidzi, ndipo zikatsala mudzabwezerana. Msungichuma atseke kaundula sabata imodzi ulendo usanachitike.

Wokutsogolerani ndiye mtima wa ulendowu. Malowa ali m'manja mwa dipatimenti ya boma ya Museums and Monuments, imene kale anthu ankaitchula kuti Antiquities, ndipo ili ndi maofesi ku Lilongwe. Lankhulani nawo, kapena ofesi ya DC wa Dedza, sabata ziwiri zisanachitike. Auzeni tsiku, chiwerengero cha anthu ndi kuti mukufuna Mphunzi, mufunse malipiro a Amalawi ndi kuti mudzalandira lisiti kwa yani, kenako mutenge nambala ya amene adzakulandireni. Muimbireni dzulo lake, ndipo muimbenso mukafika pa Linthipe kuti akakudikireni popatukira pa M1. Mutenge ndalama zapamanja zosinthasintha, popeza netiweki m'mapiri imabwera n'kumapita. Ana a m'midzi yoyandikana adzakuthamangirani kuti akuonetseni njira, ndipo njirayo amaidziwadi, koma tanthauzo la zimene mukuona sangakuuzeni.

Mukafika pamwala mudzaona kuti pali manja a anthu a mitundu iwiri. Zofiira ndi zakale kwambiri. Anajambula ndi Akafula, amene ena amati Abathwa kapena Amwandionerapati, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Utoto wake ndi wa mwala wofiira wopera, ndipo zambiri si nyama kapena anthu koma mizere, timadontho, zozungulira zina mkati mwa zinzake, ndi zina zonga makwerero. Zoyera n'za Achewa, zopakidwa ndi chala pogwiritsa ntchito dothi loyera. Zambiri zimaoneka ngati nyama yotambasula miyendo imene ukuiyang'ana uli pamwamba, yonga buluzi kapena ng'ona, ndipo zinkagwira ntchito pa chinamwali cha atsikana, anamkungwi akamalangiza. Zina n'zokhudza kupempha mvula ndi maliro. Za Nyau, monga kasiyamaliro, zinajambulidwa kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndi kuchiyambi kwa 1900, nthawi imene Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda ankapondereza gule, eni ake n'kumabisala m'mapanga. Yang'anitsitsani pamene mitundu iwiriyi yakumana: choyera chimakhala pamwamba pa chofiira, ndipo apo mwadzionera nokha amene anayamba.

Zofiirazo zinazilala, moti munthu akangofika amati palibe kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Imani chapatali pang'ono mphindi ziwiri kapena zitatu maso azolowere mthunzi, mizere iyamba kutuluka yokha. N'chifukwa chake gulu ligawidwe patatu, anthu 9 kapena 10 pa mwala umodzi, ena akudikira pansi pa mtengo. Anthu 28 akaunjikana pamodzi akumbuyo samva kanthu, ndipo mapazi amautsa fumbi lomwe limakakamira pa utoto.

Apa tikupemphani ndi mtima wonse, Mayi, muwauze anzanu muli m'basi momwe. Asathire madzi pamwala pofuna kuti chithunzi cha pafoni chioneke bwino, chifukwa madzi amasungunula dothi loyera lija ndipo amatulutsa mchere wa m'mwala umene umasuwa utoto. Asakhudze ndi manja, popeza thukuta ndi mafuta odzola zimatsalira pamenepo. Asalembe dzina ndi makala kapena choko, asakoleze moto m'phanga, asatole mapale kapena timiyala. Lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa zonsezi, koma choposa lamulo n'chakuti chojambula chikafufutika palibe angachibwezeretse. Komanso zina mwa zimenezi n'za kudambwe ndi kutsimba. Wokutsogolerani akafika pena n'kunena kuti apa sindipitirira, musamukakamize, ndipo amene sagwirizana ndi miyamboyi asanyoze mokweza, chifukwa eni ake amakhala m'midzi yomweyo ndipo akumva.

Ku Dedza n'kokwera ndipo kumazizira kuposa ku Mchinji. Aliyense atenge juzi ndi chitenje chapadera, avale nsapato zotseka za mphira pansi. Patapata ndi nsapato za gogoda zimaterera pa thanthwe. Madzi akumwa akhale malita awiri pa munthu, kutanthauza zigubu zitatu za malita 20. Kamba mukonze kunyumba: mpunga, nkhuku yokazinga youma bwino, mazira owiritsa, nthochi ndi thobwa. Ndiwo za msuzi zophikidwa usiku zimasasa zikakhala m'basi yotentha mpaka masana. Kumudzi kulibe lesitilanti yodyetsa anthu 28 nthawi imodzi, ndipo kupita kukadyera pa Dedza Pottery kapena m'tauni n'kotheka koma kumatenga ola lina, ndiye muitanitsiretu chakudya pafoni. Odwala shuga ndi BP atenge mankhwala awo, amene amasanza m'galimoto akhale kutsogolo pafupi ndi windo, ndipo pakhale thumba la zinyalala lobwerera nalo. M'ming'alu ya miyala mumakhala njuchi, choncho perefyumu wamphamvu asiyidwe tsiku limenelo.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Seputembala. Nthawi ya dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, msewu wafumbi umasanduka matope ndipo udzu umabisa tinjira. Okutobala n'kotentha kwa achikulire. Ngati gulu lanu limagawana ndalama mu Disembala, sungani ya ulendoyo m'bokosi mpaka mvula ithe. Pewaninso Loweruka lomaliza la Ogasiti: ndi tsiku la mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika ku Katete m'dziko la Zambia, ndipo mabasi ambiri a ku Mchinji amakhala atabwerekedwa kale, otsalawo mtengo wake umakwera.