Gitala ya besi: mbawa, mlombwa ndi phingo

Funso: Zikomo akonzi. Ndine kalipentala kwa Kamwendo ku Mchinji, ndipo a kwaya andipempha kuti ndiwapangire besi yamagetsi. Ndisankhe matabwa anji, nanga pickup (kachipangizo kotola kulira kwa zingwe) yotani?

Yankho: Bambo, thupi la gitala lisemeni ndi mbawa. Siilemera kwambiri ndipo imasalala bwino. Pofunika kusamala ndi pa khosi, chifukwa zingwe zinayi zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 60. Tengani mlombwa woumira pamthunzi, wopanda mfundo, ndipo muikemo truss rod, chitsulo cholimbitsa ndi kuwongolera khosi. Mukapanda kutero khosi lidzapindika, zingwe n'kutalikirana ndi podina zala. Bulugamu musayerekeze, amang'aluka akamauma. Podina zala pakhale phingo. Kuchoka pa nut (potsamira zingwe kumutu kwa khosi) kufika pa bridge (potsamira zingwe pa thupi) muyeze mamilimita 864, fret (kamzere kachitsulo ka podina zala) ya 12 igwe pa 432.

Vanishi pakani wopyapyala katatu, mukukwecha ndi sandipepa wa 320 akauma. Tsiku lamvula musapake, amachita mbuu. Phingo ingopakani timafuta ta linseed.

Kwa kwaya ife timakonda pickup ya mtundu wa Precision: makoyilo ake awiri amaletsa kuwirima kwa magetsi, pamene ya Jazz ikakhala yokha imawirima. Ikani mapoti (zopotokola zokwezera ndi kusinthira mawu) a 250k, ndipo waya wa earth afike pa bridge.