Mwana akubweza mkaka, akutsamwa, ndipo kupuma kwake kukulira: yankho kwa mayi a ku Chilinde

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Chilinde, mumzinda wa Lilongwe, ndipo andilola kuti ndiwayankhire pano osatchula dzina. Mwana wawo ndi wamwamuna, ali ndi masabata 10, ndipo akuyamwa bere lokha. Akangoyamwa amabweza mkaka, nthawi zina mpaka kutulukira m'mphuno. Ali pabere amatsamwa, kukhosomola, n'kusiya bere akulira. Kuyambira sabata yachiwiri chibadwire, akamakoka mpweya pamamveka kaphokoso ngati kamwanapiye. Apongozi awo akuti ayambe kum'patsa phala lamadzimadzi, ndipo azimugoneka chafufumimba kuti asatsamwe. Anamaliza ndi mawu akuti: "Sindikugona. Usiku wonse ndimangoyang'ana pachifuwa pake. Ndichite chiyani?"

Pepani kwambiri, mayi anzanga. Usiku woterewu ndikuudziwa, chifukwa mwana wanga wachiwiri ankalira kholingo chimodzimodzi, ndipo ndinatha miyezi ndikugona dzanja lili pamimba pake. Ine si dokotala ndipo mwana wanu sindinamuone. Zimene ndikupatsani ndi zimene ndinaphunzira pa mabenchi a chipatala komanso powerenga, kuti mukapite kwa achipatala mukudziwa chokanena.

M'kalata mwanu muli nkhani zitatu zimene mantha azimanga mtolo umodzi. Tiyeni tiumasule, chifukwa chimene chikukudetsani zovala si chimene chiyenera kukudetsani nkhawa kwambiri.

Kubweza mkaka kuli ponseponse. Pamene kummero kumakumana ndi chifu pali kamnofu kozungulira, kamene kamamanga ngati chingwe chapakamwa pa thumba. Mwa khanda kamnofuka kamakhala kasanakhwime, choncho kamamasuka pena paliponse. Onjezani kuti chakudya chake ndi chamadzi chokhachokha, chifu chake n'chaching'ono, ndipo tsiku lonse amakhala chogona. Ana osachepera 4 mwa 10 alionse amabweza mkaka motere. Zimayamba mwana asanakwane masabata 8, zimafika pachimake cha m'ma miyezi 4, ndipo ana 9 mwa 10 amasiya okha asanakwanitse chaka, akayamba kukhala pansi ndi kudya zolimba. Ndikunena izi kuti musadzadzidzimuke mwezi wamawa mukaona zikuonjezekera. Umo ndi mmene zimayendera.

Mkaka wobwezedwa umaoneka wambiri kuposa mmene ulili. Tayirani dala supuni imodzi yaikulu ya mkaka pachitenje muone kukula kwa banga lake. Mboni zenizeni ndi ziwiri: matewera ndi sikelo. Mwana amene akunyowetsa matewera 6 kapena kuposa patsiku, ndipo mzere wake wa m'kabuku ka kusikelo ukukwera, ndiye kuti mkaka wokwanira ukutsala m'mimba, ngakhale mukuchapa kangati.

Koma kulipo kusanza kumene sikufuna kudikira tsiku la sikelo. Masanzi obiriwira ngati masamba angatanthauze kuti matumbo atsekeka kapena apotana, ndipo ameneyo ndi wothamanga naye ola lomwelo. Chimodzimodzi masanzi a magazi kapena akuda ngati matsokwe a khofi, mimba yotupa, thupi lotentha, kufooka, liwombo lotukuka kapena lolowa. Liwombo likalowa, vuto ndi kuchepa kwa madzi m'thupi, ndipo mankhwala opaka pamutu salibwezeretsa. Palinso kusanza kothovoka mwamphamvu, kofika patali, kochitika pafupifupi nthawi iliyonse akayamwa, mwana n'kufunanso bere pomwepo ndi njala uku akuonda. Kumeneko kungakhale kuthina kwa khomo lotulukira m'chifu, pyloric stenosis. Kumaonekera kwambiri pakati pa masabata 2 ndi 8, makamaka mwa ana aamuna, ndipo kumatha ndi opaleshoni yaing'ono.

Nkhani ya kutsamwa ndiyo ndikufuna tikhalepo pang'ono. Kuti khanda liyamwe bwino liyenera kuchita zinthu zitatu mosinthana: kuyamwa, kumeza, kupuma. Luso limeneli limakhwima cha m'ma sabata 34 a pakati, n'chifukwa chake ana obadwa masiku asanakwane amavutika nalo. Mwa ana ambiri obadwa pa nthawi yake, chotsamwitsa ndi mkaka wotuluka mwamphamvu bere likadzaza. Mukamva mkaka ukubwera, m'chotseni kaye pabere, ulekeni uthovokere pakansalu, kenako m'bwezereni. Yesaninso kuyamwitsa mutatsamira chammbuyo, mwana ali pamwamba panu, kuti mkaka uzikwera chitunda. Muyamwitseni pafupipafupi asanafike polira ndi njala, pakuti mwana wanjala amameza mothamanga pamodzi ndi mpweya. M'geyetseni pakati ndi pomaliza, ndipo mukatha m'nyamuleni choimirira paphewa kwa mphindi 20 kapena 30. Lamba wa thewera asathine pamimba.

Zikapanda kusintha, yang'anani zizindikiro za vuto lenileni la kumeza. Mawu ake akamamveka onyowa akatha kuyamwa, ngati muli madzi kukhosi; akamatha mphindi zoposa 30 pabere n'kutuluka thukuta pamphumi ali wotopa; akamasintha mtundu poyamwa; akadwala chibayo kawirikawiri, ndiye kuti mwina mkaka wina ukulowera njira ya mpweya. Kutuluka thukuta poyamwa kumachitikanso mwa ana a vuto la mtima, choncho kanenereni. Ndipo poti mwatchula mkaka wotulukira m'mphuno, mwa apo ndi apo zimachitika kwa ana abwinobwino, koma ngati ndi nthawi zonse, pemphani anamwino aunike ndi tochi kudenga kwa m'kamwa mpaka kumbuyo kwenikweni. Pali ana obadwa ndi kampata kumeneko pamene mlomo uli bwinobwino, ndipo sikaoneka msanga.

Tsopano kamwanapiye kaja. Mmene mwafotokozera, kuyamba sabata yachiwiri ndi kulira pokoka mpweya, zikufanana kwambiri ndi zimene mwana wanga anapezeka nazo, laryngomalacia. Ndilo gwero lofala kwambiri la kupuma kolira mwa makanda. Timinofu tapamwamba pa kholingo timakhala tofewa, ndiye mwana akakoka mpweya timagwera mkati n'kumanjenjemera. Phokoso limakula akamalira, akamayamwa, kapena akagona chagada. Limaonjezekera mpaka cha m'ma miyezi 4 mpaka 8, kenako n'kumazilala, ndipo mwa ana ambiri limatha pakati pa chaka chimodzi ndi zaka ziwiri popanda mankhwala. Kawirikawiri limayenda limodzi ndi kubweza mkaka komanso kutsamwa, motero n'zotheka kuti nkhani zanu zitatu zili ndi muzu umodzi. Ochepa okha, amene akulephera kukula kapena akubanika, ndiwo amafuna opaleshoni yodula timinofuto.

Koma musatenge dzinali n'kukhala nalo pakhomo. Woyenera kutsimikiza ndi dokotala, ndipo kumene kuli a makutu, mphuno ndi kummero amalowetsa kachubu kopyapyala kokhala ndi kamera m'mphuno n'kuona kholingo mwana akupuma. Inu muli pafupi ndi Kamuzu Central. Yambirani pachipatala chanu chaching'ono mupemphe kalata yotumizira. Pitani sabata ino, musadikire tsiku la katemera.

Pamene mukudikira, phunzirani kuwerenga kupuma kwake, ndipo ichi chidzakupatsani tulo kuposa kungomuyang'ana. Mwana ali chete kapena ali mtulo, vundukulani pachifuwa, ikani wotchi ya pafoni, muwerenge kwa mphindi yathunthu. Malire amene achipatala amagwiritsa ntchito, ochokera ku bungwe la WHO, ndi awa: mwana wosakwana miyezi 2 akupuma mothamanga akafika 60 pa mphindi, wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50. Wanu ali m'gulu lachiwirili. Makanda amapuma modukizadukiza, kuthamanga pang'ono kenako kuima masekondi 5 kapena 10, ndipo zimenezo si matenda. Kuima masekondi 20, kapena kuima kulikonse kumene mwana walefuka kapena wasintha mtundu, ndi ngozi. Pakhungu lathu lakudali musayang'ane masaya. Yang'anani lilime, nkhama ndi mkati mwa milomo; zikatuwa kapena kuchita bii, nyamukani. Nyamukaninso mukaona m'munsi mwa nthiti mukulowa kwambiri pokoka mpweya, mphuno zikututuma, akubuula potulutsa mpweya, kapena akukanika kuyamwa. Kaya ndi 2 koloko usiku, dzutsani aneba, pezani galimoto kapena kabaza.

Ndifike kwa apongozi anu, ndipo ndilankhule mwaulemu, chifukwa zimene aona n'zoona: mwana wa kholingo lofewa amachepadi phokoso akagona chafufumimba. Maso awo sananame. Koma kuchepa kwa phokoso si chitetezo. Kugona chafufumimba ndi chimodzi mwa zinthu zodziwika kwambiri zimene zimaonjezera imfa zadzidzidzi za makanda mtulo. Ku Britain anayamba kulengeza zogoneka ana chagada mu 1991, ku America mu 1994, ndipo m'maiko onsewa imfa zoterezi zinatsika ndi theka kapena kuposa. Za kutsamwa nazo, thupi linapangidwa mwanzeru: njira ya mpweya ili kutsogolo, ya chakudya kumbuyo. Mwana akagona chagada, mkaka wobwerera umatsikira kunjira ya chakudya imene ili pansi. Akagona chafufumimba, njira ya mpweya ndiyo imakhala pansi. Choncho chagada, pamalo osalala ndi olimba, popanda pilo, popanda bulangete lofika kumaso, pokhapokha dokotala amene wamuona atanena zina. Chafufumimba ndi cha masana, ali maso, inu mukumuona.

Musakwezenso kumutu kwa matiresi kapena kumugoneka pa timipando topendekeka. Mutu wa khanda ndi wolemera, umagwera pachifuwa n'kupinda njira ya mpweya. Mu 2019 kampani ya Fisher-Price inachotsa pamsika timipando togonera ta Rock 'n Play tokwana 4.7 miliyoni ana oposa 30 atafera mmenemo. Ndikutchula izi chifukwa katundu wa ana wa kunja amatipeza kudzera pa kaunjika, wopanda pepala lochenjeza.

Phala ayi, ndipo pamenepa sindikusunthika. Mwana wa masabata 10 amene akutsamwa ndi mkaka angatsamwe koposa ndi phala, ndipo phala likalowa m'mapapo limavulaza kuposa mkaka wa m'mawere. Phala lamadzimadzi limadzaza mimba koma lilibe chakudya chofanana ndi bere, limachepetsa kuyamwa, mkaka wanu n'kuyamba kuphwa, komanso limatsegula khomo la kutsegula m'mimba. Bere lokha mpaka miyezi 6. Kulimbitsa mkaka kumachitikadi kwa ana ena, koma ndi achipatala amene amalamula ndi kuyeza mlingo wake. Madzi, gripe water, mankhwala a zitsamba omwetsa, zonsezi zidikire panja, ndipo uchi ndi woletsedwa mpaka atakwanitsa chaka. Wina akayamba kunong'ona za tsempho mwana akaonda, musalole kuti masiku athere pa milandu ya m'banja mwana asanaonedwe kuchipatala.

Mwina mukuyembekeza kuti akakupatsani mankhwala. Omeprazole ndi anzake amachepetsa asidi, saletsa mkaka kubwerera, ndipo kwa mwana amene akukula bwino sathandiza kanthu. Ali ndi malo ake pamene asidi akupweteka kummero kapena akutupitsa kholingo, koma woganiza zimenezo ndi dokotala. Ranitidine, amene kale ankapatsidwa kwa ana ambiri, anachotsedwa pamsika m'maiko ambiri mu 2020 atapezeka ndi kachinthu kokayikitsa kuti kangayambitse khansa. Wina akakupatsani botolo lotsala, likaneni. Mwana akakhala ndi timagazi m'chimbudzi kapena zidzolo zoyabwa, funsani za kusayanjana ndi mkaka wa ng'ombe, umene umadutsa ngakhale m'bere. Pamenepo mayi amauzidwa kusiya mkaka, chambiko ndi yogati kwa masabata 2 mpaka 4 kuti aone kusintha. Chimene mungachite lero popanda ndalama ndi kuchotsa utsi: mbaula ipite panja, wosuta fodya asasutire m'nyumba, ndipo musaphike mwana ali kumbuyo pamoto wa nkhuni.

Ulendo wanga woyamba kuchipatala china unapita pachabe. Mwana anangogona phee pamzere wonse, nditalowa analibe phokoso, ndipo anandiuza kuti ndi chimfine. Ndinabwerera ndikulira. Ulendo wachiwiri ndinapita ndi kavidiyo ka pafoni, ndipo dokotala atangomvera masekondi ochepa anandilembera kalata yotumizira. Jambulani atatu: akuyamwa, ali mtulo, ndi akulira, pachifuwa pali povundukula, mawu akumveka. Kwa masiku atatu lembani papepala kuti wayamwa kangati, watsamwa kangati, matewera angati, ndi kupuma kwake pa mphindi. Tengani kabuku ka kusikelo. Mukakhala komweko pemphani anamwino akuonetseni ndi manja mmene mungathandizire khanda lotsamwa kwenikweni, losatha kulira kapena kukhosomola: kuligoneka chafufumimba pamkono mutu uli chotsika, kumenya kasanu pakati pa mapewa, kulitembenuza, n'kudina kasanu pachifuwa. Bambo ake aphunzirenso, ndipo usiku muzisinthana, wina agone maola ake enieni pamene wina akudikirira.

Apongozi anu muwatenge pa ulendowu. Muwapemphe kuti anyamule mwana ndi kulowa nanu m'chipinda cha dokotala, afunse okha za phala ndi za kagonedwe. Mukabwerako ndilembereni zimene apeza, pamodzi ndi makilogalamu ake a mwezi uno ndi a mwezi watha.