Yankho: Ndalama za boma zophunzitsira ana nyimbo za jazi ku Zomba

Achimwene, mwafunsa ngati boma lingakuthandizeni kuyambitsa kalasi ya jazi ya ana ovutika ku Chinamwali. N'zotheka, koma musapite nokha ngati munthu wamba. Yambani mwalembetsa gulu lanu ngati bungwe la anthu a m'dera (CBO) ku ofesi ya zachisamaliro cha anthu, mutsegule akaunti ya kubanki yosayinira anthu atatu, kenako pempho lidutse ku komiti ya chitukuko ya wodi yanu lisanafike ku khonsolo. Funsaninso ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, za thumba la Copyright Fund, lomwe limathandiza ntchito za luso.

Pomwe ambiri amagwa ndi pa bajeti. Amalemba zida zokhazokha, chonsecho chimene chimatha mwezi ndi mwezi ndi mafuta a mavalavu a malipenga, zingwe za gitala ndi cholowa cha mphunzitsi. Kwa ana 15, ine ndingasankhe malipenga anayi, magitala awiri, kiyibodi imodzi ndi ng'oma, n'kumasinthana m'magulu atatu. Sakisofoni isiyeni kaye: timabango take timatha msanga, ndipo chinyezi cha Zomba nthawi ya dzinja chimaumbitsa nkhungu pa timapadi totseka mabowo ake, mpweya n'kumathawa. Lipenga silivuta, mumangolitsuka ndi madzi ofunda ndi sopo, madzi otentha ayi chifukwa amasupula utoto.

Aphunzitsi musawafune kutali. Ku University of Malawi kuli ophunzira zoimba amene angabwere Loweruka, bola thiransipoti ikhale m'bajeti. Malisiti onse muzisunga mufayilo, chifukwa popanda lipoti la ndalama zoyamba, zachiwiri simudzaziona.